Mayi a kunyumba anakomoka ali ndi pakati, tsopano akuiwalaiwala: kodi mutu udzabwerera mwakale?

Jere_wa_ku_Domue
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mayi a kunyumba kwanga anali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu. Anayamba kudandaula mutu wosamva panado, nkhope inatupa, mphete inakana kutuluka pachala. Usiku wina anati akuona tinyenyezi m'maso, posakhalitsa anagwa n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa, lilime ataliluma. Tinathamangira nawo kuchipatala ku Ulongué. Kumeneko anawabaya jakisoni matako onse awiri, anawaika diripi, kenako opaleshoni. Mwana ali moyo, tikuthokoza Mulungu. Koma atatsitsimuka anakhala masiku awiri osaona, maso ali otsegula bwinobwino koma akufunsa kuti bwanji simukuyatsa nyali. Adokotala anati ndi eclampsia, ubongo unatupa chifukwa cha tensau, kuthamanga kwa magazi kumene ena amati BP. Panopa patha miyezi itatu. Kuona akuona, koma amaiwala. Amathira mchere kawiri m'ndiwo, amasiya poto pamoto mpaka kupserera, nthawi zina amangolira osanena chavuta. Apongozi akuti ndi khunyu. Kwathu akuti analodzedwa. Pali ena akunong'ona kuti ndine ndinawadula. Amene mukudziwa, ndiuzeni zoona: ubongo wa munthu ukatupa chonchi umachira, kapena ndizolowere kuti basi adzakhala choncho?

Nangozo_Calomue
Pepani achimwene. Ine zinandichitikira pa mwana wanga woyamba, ndipo za sabata yonse imene ija sindikumbuka kanthu mpaka lero, ndimangomva kwa amayi anga. Kuiwala kunanditengera pafupifupi chaka. Panopa ndimagulitsa tomato pamsika, chenji ndimawerengera ndekha. Musawataye mtima.

Mkulu_wa_Tsangano
Ife tinakula tikudziwa kuti munthu wogwa n'kutuluka thovu ndi wakhunyu. Apongozi anuwo sakunama ayi. Pitani kuchipatala, koma kwa asing'anganso mukafikeko. Zina madokotala saziona.

Namwino_wa_SMI
A Jere, pepani ndi zimene mwadutsamo. Ndagwira ntchito kumaternidade zaka zambiri, ndiye ndilongosola mwachifatse. A Mkulu, ndi ulemu wonse, iyi si khunyu. Wakhunyu amagwa mobwerezabwereza, ali ndi pakati kapena ayi. Eclampsia imabwera ndi mimba, kuyambira sabata 20 kupita mtsogolo, ndipo imatha kufika mpaka sabata 6 mayi atachira. Mimba ikatha n'kudutsa nyengo imeneyo, kugwako kumathera pomwepo.

Gwero lake ndi nsengwa. Kwa amayi ena nsengwa siimera bwino m'chiberekero, ndiye imatulutsa zinthu m'magazi zomwe zimafooketsa khungu la mkati mwa mitsempha thupi lonse. Magazi amayamba kuthamanga, impso zimayamba kutaya puloteni mumkodzo. Tikayeza n'kupeza 140/90 kapena kupitirira, ndiponso puloteni mumkodzo, timati pre-eclampsia. Ikafika 160/110 ndiye kuti zafika poopsa.

Tsono ubongo uli ndi njira yake yodzitetezera. Magazi akathamanga, mitsempha yake imafinyika yokha kuti olowa asachuluke. Koma mphamvu imeneyi ili ndi malire. Inu a kuno mumadziwa ngalande za m'madimba: madzi akachuluka kuposa m'mene ngalande ingathere, amadutsa m'mbali n'kunyowetsa ponseponse. Mitsempha yofooka kale ija ikakankhidwa kwambiri, madzi a m'magazi amadontha n'kulowa mu ubongo, ubongo n'kutupa. Malo amene amatupa msanga ndi chakunkhongo, ndipo kumeneko n'kumene ubongo umamasulira zimene maso aona. N'chifukwa chake alamu athuwo sankaona pamene maso awo analibe vuto lililonse. Mutu waukulu uja, tinyenyezi tija, kugwa kuja, zonse zikuchokera pa kutupa komweko.

Mkulu_wa_Tsangano
Nanga ngati ndi tensau, bwanji mayi anga okalamba amawapeza ndi 180 koma sanagwepo? Mtsikana wa 150 ndiye agwe?

Namwino_wa_SMI
Funso labwino kwambiri limenelo. Mitsempha ya agogo yakhala zaka ikuzolowera pang'onopang'ono, inakhuthala. Mtsikana amene masiku onse amakhala pa 100/60, ikakwera mwadzidzidzi kufika 150 kapena 160 ubongo wake sunakonzekere. Onjezani kuti mitsempha yake yafooketsedwa kale ndi za kunsengwa zija, zomwe agogo alibe. Ndaonapo amayi akugwa BP isanakwere n'komwe kwambiri. Ndiye sitiyang'ana nambala yokha, timafunsanso za mutu, za maso, za ululu pansi pa nthiti chakumanja. Agogowo nawonso musawalekerere, 180 imabweretsa sitiroko.

Wophunzira_UniZambeze
Ndiwonjezere pa zimene anena amayi anamwino. Kutupa kumeneku m'mabuku amakutcha PRES. Anakulongosola koyamba mu 1996 madokotala a ku Boston, gulu la Hinchey, m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Pa makina ojambulira m'kati mwa thupi a MRI kumaoneka ngati zigamba zoyera kumbuyo kwa ubongo, mbali zonse ziwiri, ndipo amayi ambiri amene agwa ndi eclampsia akawajambula amawapeza nazo. Chosangalatsa n'chakuti BP ikatsitsidwa ndi mwana akabadwa, madziwo amauma m'masiku kapena masabata ochepa, akajambulanso amapeza zigamba zija zapita. Ndiye a Jere musadandaule, ubongo wa akazi anu unachira kalekale. Kuiwalako ndi kutopa chabe.

Namwino_wa_SMI
Mwana wanga, mbali yoyamba wanena zoona, koma pomaliza wathamanga. Munthu sitinamuone, sitinganene kuti ndi kutopa chabe. Ambiri amachira, inde. Koma alipo ena amene mtsempha umaphulika magazi n'kukhetsekera mu ubongo, kapena kachigawo kena kamasowa magazi n'kufa. Amenewo amatsala ndi dzanja lofooka, pakamwa popindika kapena kulankhula kovuta. Komanso ofufuza a ku Groningen ku Netherlands anatsatira amayi amene anagwapo ndi eclampsia patapita zaka, anapeza kuti timabala ting'onoting'ono ta mu ubongo timapezeka kwambiri mwa iwo kuyerekeza ndi amene mimba zawo zinayenda bwino. Amayiwo ankadandaulanso za kuiwala ndi kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ngakhale powayesa mayeso kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Mayi akati ndikuiwala, tizimukhulupirira.

Wophunzira_UniZambeze
Ndamva amayi. Koma ndimaopa kuti tingawaopseze a Jere pachabe.

Naphiri_Furancungo
Kuopseza ndi kubisa n'zosiyana. Ine anandiuza kuti wachira, pita kwanu. Nditayamba kuiwala ndinkadziona ngati ndapenga, ndinkabisa ngakhale kwa amuna anga. Akanandiuza kuti zimachitika, sindikanavutika mumtima chomwecho.

Jere_wa_ku_Domue
Manja ndi miyendo zonse zikugwira ntchito, kulankhula akulankhula bwino. Ndi kuiwala ndi kulira basi. Kodi ndiye kuti sitiroko sinawagwire?

Namwino_wa_SMI
Chimenecho ndi chizindikiro chabwino, komanso kubwerera kwa maso m'masiku awiri kukugwirizana ndi kutupa kumene kunaphwa. Komabe abwerere nawo kuchipatala, mutenge ficha yawo ya sikelo ndi pepala lotulukira. Akawayeze BP, chifukwa kwa ena siitsika yokha. Akawayeze kuchuluka kwa magazi, poti munthu wa opaleshoni amataya magazi ndipo kuchepa magazi kumafooketsa mutu. Muwauzenso za kulira kuja osachita manyazi. Mayi amene wadutsa pakhomo pa imfa, n'kudzuka mwana ali kale kunja osadziwa m'mene wabadwira, nthawi zambiri amagwidwa ndi matenda a nkhawa, ndipo amenewo ali ndi chithandizo. Kusagona usiku chifukwa cha khanda kumawonjezera. Pezani munthu wowathandiza kuti azigonako masana.

Nabanda_Moatize
Ine chandipweteka ndi cha mdulo chija. Mkazi ali chikomokere, anthu m'malo mofuna galimoto akuyamba kufunsa mwamuna kuti unayenda ndi ndani. Kwathu mtsikana wina anatupa miyendo ndi nkhope, azakhali ake anati wina wathira mchere ali wotentha. Anakhala sabata akumumwetsa mankhwala a tsempho.

Gogo_Nankhoma
Ana inu musamanyoze miyambo. Mdulo ulipo, unkasunga mabanja. Mwamuna ankaopa kuyendayenda mkazi ali ndi pakati.

Nabanda_Moatize
Agogo, sindikunyoza. Mwamuna adzisunge, zimenezo tonse tikufuna. Koma nkhani ya banja ikambidwe mayi atafika kale kuchipatala. Ankhoswe sathawa, adzakhalapo ndi mawa lomwe.

Gogo_Nankhoma
Apo ndavomera. Ifenso kale tinkaika atsikana ambiri m'manda ndi mimba yoyamba, tinkangoti zachitika.

Bambo_a_Chisomo
Ndakhala ndikuwerenga osalemba. Akazi anga anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, anatitulutsa tsiku lotsatira. Tsiku lachisanu anati mutu ukuwawa kwambiri. Ndinawagulira panado, ndinati ndi kusagona. Madzulo ndinawapeza atakhala pamphasa mwana ali pamiyendo, akupapasa pansi kufuna chitenje chimene chinali patsogolo pawo penipeni. Ndinawapatsa, anandiyang'ana kumbali kumene ine kunalibe. Usiku anagwa katatu. Pofika kuchipatala m'mawa anali atasiya kuyankha, ndipo sanadzukenso. Palibe anatiuza kuti matendawa amabweranso mwana atabadwa. Tonse tinkati ngozi yatha. Chisomo tsopano ali pasukulu, akuleredwa ndi alongo anga. A Jere, akazi anu ali moyo. Akathira mchere kawiri, idyani.

Nangozo_Calomue
Pepani bambo. Mzimu wa mayi uuse mumtendere.

Abusa_Zobue
Ambuye akutonthozeni a Bambo a Chisomo. Ndipo ndinene kwa anzanga otumikira: mayi woyembekezera akagwa, musamusunge m'tchalitchi usiku wonse mukutulutsa ziwanda. Pempherani muli m'galimoto.

Dalaivala_Angonia
Galimoto yake iti abusa? Nthawi ya mvula midzi ina ya ku Tsangano ndi ku Macanga ngakhale malole a kachewere amagona m'matope. Munthu wophupha pa njinga yamoto mumukweza bwanji? Ndanyamulapo mayi wotere kumbuyo kwa pikapu, amuna anayi atamugwira. Vuto lathu ndi misewu.

Mlimi_wa_Kachewere
Misewu yomweyo ndi imene ikutigwetsera mitengo. Ogula akafika kumunda amadula mtengo ati galimoto yawo yavutika. Thumba lomwelo likafika ku Tete mtengo wake wina.

Dalaivala_Angonia
Nanga masipuling'i akathyoka amalipira ndani? Inu alimi mumaona ngati ife tikudya bwino.

Mlimi_wa_Kachewere
Ndiye ife tizilima mwaulere? Feteleza tikugula ndi metikali, wogula akubwera ndi makwacha, posintha tiluzanso.

Najere_Admin
Abambo, za kachewere zili ndi tsiku lake. Pano pali anamfedwa ndi odwala. Tibwerere.

Dalaivala_Angonia
Pepani amayi. Koma funso langa lilipobe: tikakhala kutali tizitani?

Namwino_wa_SMI
Funso lake ndi loona. Choyamba ndi kusadikira kugwa. Mutu wosamva mankhwala, kuona mbuu kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, ululu pachifu kapena pansi pa nthiti kumanja, kusanza mimba itakula kale: chimodzi mwa izi, nyamukani tsiku lomwelo dzuwa likadalipo, munthu akutha kukhala yekha pa njinga. Kutupa mapazi okha madzulo kumachitikira amayi ambiri, koma nkhope ndi zala ndi nkhani ina. Amene ali kutali, makamaka wa mimba yoyamba, wamng'ono msinkhu, wa mapasa, wa shuga kapena amene anali ndi BP kale, apite ku casa de espera, nyumba yodikirira ya amayi oyembekezera, mwezi womaliza akadikirire pafupi ndi maternidade.

Akagwa muli kunyumba, mugonekeni chammbali, kumanzere, kuti malovu ndi masanzi zituluke. Chotsani moto ndi zinthu zomupweteka. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala ali chikomokere, zimapita kumapapo. Thovu lake silipatsira matenda, mugwireni osaopa. Kuphupha kumasiya kokha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, koma kumabweranso, ndipo kugwa kulikonse kumawonjezera ngozi ku ubongo ndi kwa mwana. Fikani pa chipatala chimene chili pafupi kuti alandire jakisoni woyamba asanatumizidwe kwakukulu.

Naphiri_Furancungo
Jakisoni wa m'matako uja ndi woopsa kupweteka kwake. Thupi lonse linatentha ngati ndili pamoto. Ndi mankhwala anji amene aja?

Wophunzira_UniZambeze
Ndi magnesium sulphate. Poyamba amapereka magalamu 4 mumtsempha ndi magalamu 10 m'matako, 5 mbali iliyonse, kenako magalamu 5 maola 4 aliwonse mpaka maola 24 atadutsa kuchokera pobereka kapena pa kugwa komaliza. Kafukufuku wa 1995 anaonetsa kuti amaletsa kugwanso kuposa mankhwala ena oletsa kuphupha, diazepam ndi phenytoin. Wina wa 2002 wotchedwa Magpie, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anapeza kuti kwa amene ali ndi pre-eclampsia amachepetsa kugwa ndi kupitirira theka. Kutentha thupi kuja n'kodziwika, kumatha.

Namwino_wa_SMI
Ndipo mukaona namwino akugogoda bondo ndi kanyundo, akuwerenga kapumidwe, akuyang'ana mkodzo m'thumba, sikuti akukuvutitsani. Akuona ngati mankhwalawo sanachuluke m'thupi, chifukwa amatuluka kudzera mu impso. Akachuluka tili ndi calcium gluconate wobweza. BP timaitsitsa ndi ena, monga hydralazine, nifedipine kapena methyldopa. Koma chothetsa matenda ndi kubadwa kwa mwana ndi kutuluka kwa nsengwa. N'chifukwa chake nthawi zina sitichitira mwina koma kuyambitsa kubereka ndi mankhwala kapena kuchita opaleshoni masiku asanakwane, achibale n'kumatikwiyira.

Mkulu_wa_Tsangano
Nanga malungo? Mdzukulu wanga anaphupha ndi malungo. Mudziwa bwanji kuti mayi wagwa ndi tensau osati malungo?

Namwino_wa_SMI
Kunyumba simungadziwe, ndipo musayese kusiyanitsa. Ife mayi wa mimba yopitirira sabata 20 akabwera akuphupha timamutenga ngati wa eclampsia kaye, jakisoni n'kupereka, uku tikuyeza malungo pachala. Zimatheka kupezeka zonse ziwiri.

Nabanda_Moatize
Zonsezi n'zabwino, koma pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu ndinapita sikelo katatu osandiyeza BP. Ati makina mabatire atha. Ankangoyeza mimba ndi tepi, n'kundipatsa mapiritsi a magazi. Tiziti amayi sapita kusikelo pamene apita n'kubwerako osayezedwa?

Namwino_wa_SMI
Sindikana, zimachitika, ndipo zimandiwawa. Sikelo yopanda kuyeza BP yasiya chinthu chachikulu. Yang'anani pa ficha yanu, pali malo olemba nambala ziwiri zija. Ngati palibe cholembedwa, funsani mwaulemu, ndipo mudziwitse a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2016 limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo maulendo ambiri ali kumapeto, nthawi imene matendawa amakonda kubuka. Ku Gaza ndi ku chigawo cha Maputo kunachitika kafukufuku wotchedwa CLIP, kumene ma APE, othandiza zaumoyo a m'midzi, ankayeza amayi BP m'midzi momwemo. Ntchito imeneyi siifuna dokotala.

Nangozo_Calomue
Ife a m'malire ena amangowolokera ku Dedza. Koma ndiye mayi amakhala ndi mabuku awiri, uku ficha uku buku la ku Malawi, ndipo namwino wa mbali ino sadziwa zimene anapeza a mbali inayo. Muzinyamula onse awiri.

Jere_wa_ku_Domue
Zikomo nonse. A Bambo a Chisomo, mawu anu andigwira mtima, pepani kwambiri. Lolemba tipita kukayezetsa. Ndawawerengera mayi a kunyumba zimene analemba a Naphiri ndi a Nangozo, anati ndifunse ichi: kodi akadzatenganso pakati zidzabweranso? Apongozi akufuna asadzaberekenso, makolo anga akufuna wachiwiri msanga.

Gogo_Nankhoma
Msanga wa chiyani? Chilonda cha opaleshoni sichinapole n'komwe. Auzeni makolo anu kuti agogo ena akuti adekhe.

Namwino_wa_SMI
Agogo anena. Apume zaka ziwiri, atenge njira yolera, ndipo posankha njirayo anene kuti anali ndi BP, chifukwa mapiritsi ena olera sagwirizana nayo. Mwayi woti pre-eclampsia ibwerenso ndi wokwera kuposa wa mayi amene sanadwalepo, komabe ambiri mimba yachiwiri imayenda bwino akamaonedwa pafupipafupi. Akadzangozindikira kuti aima, ayambe sikelo mwezi womwewo, anene mbiri yonse. Kwa amayi otere adokotala amalemba aspirin wamng'ono wa 75 mg tsiku lililonse kuyambira cha pa sabata 12, ndi mapiritsi a calcium kumene zakudya zake n'zochepa calcium. Musakagule nokha pamsika. Adzachirire ku chipatala chokhala ndi opaleshoni. Chinanso chimene ambiri sauzidwa: mayi amene anadwalapo matendawa amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha BP, matenda a mtima ndi sitiroko akamakula. Ndiye ngakhale asadzaberekenso, aziyezetsa BP chaka chilichonse.

Mai_a_Mapasa
Ndilowereko ndi langa. Ndatuluka sabata yatha, anandipatsa nifedipine kuti ndizimwa kunyumba. Anzanga akuti ndisiye chifukwa alowa mumkaka ana afooka. Mutu sukuwawanso. Ndisiye?

Naphiri_Furancungo
Musasiye amayi! Mwawerenga za a Bambo a Chisomo pamwambapa?

Namwino_wa_SMI
Musasiye. Nifedipine ndi mmodzi mwa mankhwala amene timapereka kwa oyamwitsa, yamwitsani mapasa anuwo mopanda mantha. Mutu kusiya kuwawa sikutanthauza kuti BP yatsika, ndipo inu mukadali mkati mwa sabata 6 zija. Pitani akakuyezeni sabata ino, amene akuyezaniyo ndiye anene zochepetsa kapena kusiya. Mutu ukabweranso kapena maso akayamba kuchita mbuu, musadikire tsiku lolembedwa pa ficha, ndipo musapite nokha, wina akunyamulireni ana.